Zimene Kaundula Salemba

Pano pa Chirunga, dzina la Mangochi likangotchulidwa pa nkhani ya maphunziro a atsikana, yankho limakhala lili kale pakamwa pa aliyense: chinamwali. Ena amafuna kuonjezapo Chisilamu, koma amatsitsa mawu poona kuti ena a ife tili pomwepo. Akatero basi mlandu waweruzidwa, anthu n'kutembenukira ku nkhani za mpira. Ine ndine wa konko. Ndinakulira m'mudzi wina wa kugombe la kum'mawa, pa msewu wochoka pa Boma kulowera ku Makanjira, ndipo ndinavinidwa nsondo pamodzi ndi anzanga onse a msinkhu wanga. Anakanga amene anatilanga anali omwewo, mawu amene tinamva anali amodzimodzi. Lero ine ndili pano, pamene ambiri a anzangawo Sitandade 8 sanaione. Tsono ngati nsondo ndiyo mfiti imene ikutha ana m'mudzi, tiyenera kufunsa chifukwa chake imasankha makomo.

Sindikuti zonse za kutsimba n'zabwino ayi. Pali zina zimene mwana wa zaka 10 amauzidwa kumeneko zimene zikanayamba zadikira, ndipo mwambo wouza namwali kuti akasase fumbi, kumene ukuchitikabe, ndi nkhanza basi, ngakhale auveke dzina lanji. Ndiponso zinamwali zikapitirira mpaka sukulu zitatsegulidwa, ana amataya masabata. Zonsezi ndikuvomera. Chimene ndikukana ndi ulesi wathu ife ophunzira, woti tikangopeza liwu limodzi lokoma m'kamwa timaleka kufunsa.

Mphunzitsi akaona kuti mtsikana wasowa teremu yathunthu, amatsegula kaundula n'kulemba chifukwa chake: mimba, kapena ukwati. Mawu amenewo amapita ku ofesi ya maphunziro pa Boma, kenaka ku Lilongwe, ndipo potsiriza amadzatipeza ife kuno m'laibulale atasanduka ziwerengero zondandalikidwa bwino. Si bodza ayi. Komatu kaundula amalemba za tsiku lotsiriza lokha. Mwa anzanga onse amene ndikuwakumbukira, palibe ndi mmodzi yemwe amene mimba inamupeza akukhoza bwino m'kalasi yoyenera msinkhu wake. Inawapeza phazi limodzi lili kale kunja, ndipo kutulukako kunayamba zaka 5 kapena 6 m'mbuyomo.

Tiyeni tiwerenge zaka. Boma limati mwana ayambe Sitandade 1 ali ndi zaka 6, kuti pofika zaka 13 kapena 14 akhale akulemba mayeso a Sitandade 8. Kwathu midzi yambiri ili kutali ndi sukulu, ndipo pakati pali mitsinje yotsika m'mapiri imene m'dzinja imadzaza mwadzidzidzi. Mayi amayang'ana kamwana kake ka zaka 6 n'kunena kuti kayambe kakhwima miyendo. Akakhala wamkazi amadikira koposa, poti njira ya m'tchire amaiopa pa zifukwa zimene nonse mukuzidziwa. Choncho mwana amayamba ali ndi zaka 8, mwina 9. Akafika amapeza chinamtindi cha anzake pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi, ndipo mphunzitsiyo akulankhula Chichewa. Mwanayo chibadwire amalankhula Chiyao. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, mwana wa ku Dedza amayamba sukulu ndi ntchito imodzi, yophunzira kuwerenga, pamene wa ku Makanjira amayamba ndi ziwiri. Mu 1996 unduna unalengeza kuti ana aziphunzira m'chiyankhulo chawo mpaka Sitandade 4, koma buku la Chiyao ine sindinaligwirepo m'kalasi. Inu amene mumatiseka kalankhulidwe kathu, mudziwe kuti Chichewa chimenechi tinachita kuchitola tokha pansi pa mtengo.

Chaka choyamba chimathera kumvetsera. Mwana amabwereza. Mwina abwerezanso Sitandade 3. Pofika Sitandade 5, pamene maphunziro amatembenukira m'Chingerezi, chimene kwa iye ndi chiyankhulo chachitatu, mtsikana uja ali ndi zaka 15. Watha msinkhu. Akukhala pansi, miyendo atatambasula, pakati pa tiana ta zaka 10 ndi 11, ndipo akamaimirira kuti ayankhe funso ayenera kuyamba wayang'ana kumbuyo kwa diresi. Chimbudzi chilibe chitseko. Pa sukulu yathu, zaka zonse zimene ndinakhalapo, panabwera mphunzitsi wamkazi mmodzi yekha, ndipo sanakhalitse, anatsatira amuna awo ku tauni. Ndani pakati pa inu, bambo kapena mayi, angapirire manyazi otere tsiku ndi tsiku chifukwa cha phunziro limene sakulimva n'komwe?

Pamwamba pa zimenezi ikanipo usipa. Anthu akutali akamva za Mangochi amaganiza za chambo, koma chambo chinachepa kalekale. M'nyanja ya Malombe, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa chambo matani masauzande pachaka, pofika m'ma 1990 munali mutatsala kambuzi. Lero nsomba imene ikugwidwa kwambiri m'dziko muno ndi usipa, ndipo kusinthaku kunagwera pa msana wa ana aakazi. Chambo ukhoza kugulitsa chachiwisi pagombe pomwepo, wogula n'kukwera nacho galimoto. Usipa umafuna manja ambiri. Asodzi amapita usiku ndi nyali, makamaka mwezi ukakhala mumdima, ndipo amakocheza m'bandakucha. Amayi amagula m'mabeseni, ndipo kuyambira pamenepo ndi liwiro lokhalokha: kutsuka, kufutsa wofutsa, kuyanika pa thandala dzuwa lisanakwere, kutembenuza, kuingitsa akhwangwala ndi mbuzi, kuanula mtambo ukada. Ukachedwa usipa umaonongeka, mpamba wonse n'kulowa m'madzi. Nthawi ya ntchito yonseyi ndi yomwe ija belu la ku sukulu limalira.

Anyamata nawonso amajomba, ndipo ena amasiya sukulu msanga kuposa ife. Wa zaka 12 amakoka khoka n'kulandira yake ya m'thumba. Kusiyana kwake n'kwakuti mnyamata akajomba ndi kufuna kwake, ndipo makolo amamukalipira. Mtsikana amachita kujombetsedwa, n'kuyamikiridwa kuti ndi mwana womvera. Usipa ukauma mayi amaulongedza kupita nawo ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo amakatha masiku 4 kapena 5 akudikira kuti uthe. Masiku amenewo mwana wamkazi wamkulu ndiye mayi wa pakhomo: madzi, nkhuni, chigayo, kakhanda kumbuyo. Akabwerera ku sukulu Lolemba anzake apita kale patsogolo ndi masamu ogawa, ndipo palibe amene angabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye. Nthawi ya mwera, cha m'ma June mpaka August, mabwato amakhala pamtunda masiku ambiri. Ntchito yachepa, inde, koma ndalama nayo yachepa, ndipo mwana amalowa m'kalasi kumimba kuli pululu.

Wina afunsa kuti nanga iwe unapulumuka bwanji. Sindinali wanzeru kuposa anzanga. Bambo anga anali pa ntchito ya malipiro a pamwezi, ochepa koma osaphonya. Nyumba yathu inali pafupi ndi sukulu, moti ndinayamba ndili ndi zaka 6 ndipo Sitandade 5 ndinaidutsa ndisanathe msinkhu. Koma chachikulu n'chakuti ndine chitsirizira. Thandala la amayi linali ndi manja okwanira ine ndisanakule, manja a achemwali anga awiri. Aakulu analekezera Sitandade 4, achiwiri Sitandade 6. Ndikamakwera masitepe a laibulale ndimadziwa amene anandilipirira.

Mudzati, nanga sukulu si yaulere? Inde, mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ngakhale izi zisanachitike, ntchito ya GABLE, imene inayamba mu 1991 ndi thandizo la dziko la America, inali itayamba kale kulipirira atsikana osabwereza kalasi. Zinali zabwino ndithu, ndipo amayi ambiri a kwathu amene amatha kulemba dzina lawo anaphunzira nthawi imeneyo. Koma fizi ndi kachigawo chabe ka mtengo wa sukulu. M'nthawi yanga tinkauzidwa kubweretsa ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya mapepala a mayeso, ndipo wosapereka ankabwezedwa kapena kumanidwa lipoti. Makope ndi zolembera n'zogula. Yunifolomu amati si yokakamiza, koma tayesani kukhala nokha wopanda. Ndiye pali zina zimene sizilembedwa pa kalata iliyonse yopita kwa makolo: sopo, mafuta odzola, kabudula wamkati, nsalu ya kumwezi. Mnyamata akhoza kupita ku sukulu ali mbuu, anzake n'kungomuseka tsiku limodzi. Namwali sangatero. M'chaka cha njala cha 2016, pamene anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno anafuna thandizo la chakudya, kodi ndi mayi uti akanagula sopo pakhomo palibe ufa?

Tsono pa doko m'mawa pamakhala amuna amene ali ndi ndalama m'manja, zopezedwa usiku womwewo ndiponso zosachedwa kutha. Ambiri ndi alendo, otsatira usipa kuchoka doko lina kupita lina, mwezi uno ku Msaka, mwezi wamawa ku Makanjira. Mtsikana amene amayi ake amutuma kukalimbirana beseni la usipa pa mtengo wabwino amadziwana nawo msanga. Sindifuna kukometsa nkhani: mwamuna wamkulu amene amagula mwana ndi sopo ndi chigawenga, ndipo malo ake ndi kundende. Koma tikamumanga iyeyo, sopo uja adzakhala akusowabe pakhomo paja, ndipo boti lina likocheza mawa.

Ukwati nawo uli ndi masamu ake. Anzathu ochokera kumene kuli malowolo amaganiza kuti makolo athu amasinthanitsa ana awo ndi ng'ombe. Kwathu kulibe zimenezo. Ife ndi a chikamwini: mwamuna amabwera kudzamanga kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mjomba, amene inu mumati malume. Phindu la mkamwini si chuma cholipira tsiku limodzi, koma manja ake, ndipo makamaka masiku ano, njira yake ya ku Joni. Ulendowu si wachilendo. Agogo athu ankapita ndi Wenela kufikira mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa; zinayambiranso ndi TEBA mu 1977 n'kutheratu mu 1988. Koma anyamata a ku Mangochi sanaleke. Amakwera basi kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ambiri opanda chikalata cha sukulu chilichonse, kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba za anthu, kapena kusoka zovala. Patapita zaka 2 kapena 3 amatulukira ndi foni, wailesi yaikulu, njinga yamoto, malata. Nyumba ya malata imeneyo idzamangidwa pa bwalo la apongozi, ndipo ukwati ukadzatha idzatsala pompo.

Anganga anga, amene sanapondepo m'kalasi, anandifunsa tsiku lina ndili Folomu 2: "Iwe mwana, uja wa kuseri kwa mzikiti anamaliza Folomu 4, si uyu akupalasa kabaza? Nanga uja sanafike Sitandade 3, si uyu wamangira amake nyumba ya njerwa zootcha? Tandiuza, sukuluyi imabala liti?" Ndinawayankha zimene tinkanena pa mtsutso wa ku sukulu, koma iwo anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Taganizani za mayi amene mwana wake ali Sitandade 5 pa zaka 15. Akayang'ana kutsogolo akuona zaka 3 zina, kenaka mayeso a MANEB amene ambiri okhoza sasankhidwa n'komwe, kenaka, akachita mwayi, zaka 4 pa sekondale yoyendera yakutali kumene ana amachita lendi tizipinda okhaokha, ndipo kumapeto kwake mwina ulova. Mbali inayi pali mnyamata wobwera ndi katundu, amene abwerera ku Joni mwezi wamawa ndipo akufuna kusiya mkazi. Mayi ameneyu tikhoza kunena kuti walakwa, ndipo kawirikawiri amalakwadi, poti amuna ena amapita osatumiza kanthu n'kukakwatira kwina. Koma sanachite mwaumbuli. Anawerengera zimene maso ake anaona.

Za chipembedzo ndinene pang'ono. Sukulu zoyamba kwathu zinabwera ndi amishoni: a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo a UMCA anadzakhazikika ku Malindi ndi kwa Mponda. Sukulu inali khomo la tchalitchi, ndipo mafumu ndi makolo achiyao amene anali atalowa Chisilamu anaona kuti kutumiza mwana kumeneko n'kumupereka. Anali ndi chifukwa chake. Zotsatira zake n'zakuti pamene mabanja ena a ku Bandawe kapena ku Likoma akuwerenga mibadwo ingapo ya aphunzitsi ndi anamwino, ife ambiri ndife oyamba kapena achiwiri, ndipo mtsikana wa kwathu sakhala ndi azakhali oti awaloze kuti awa anadya za sukulu. Bala limenelo silinapoleretu. Mkangano wa hijabu umene unabuka ku Balaka mu 2019 unachita kuthetsedwa ndi mgwirizano wa zipembedzo mu 2021. Komatu makolo omwewo amene timati sakonda maphunziro amatumiza ana awo aakazi ku madrasa tsiku ndi tsiku. Madrasa ali pafupi, amayamba masana usipa utayanikidwa kale, ndipo ophunzitsa amafotokoza m'Chiyao.

Malamulo tili nawo, abwino ndithu. Kuyambira mu 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera ku sukulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umene unali m'malamulo aakulu a dziko, woti makolo avomereze ukwati wa mwana wa zaka 15. Panali chifukwa: kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, 42 mwa 100 alionse anakwatiwa asanakwane zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kutchuka mpaka kunja. Koma sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, nyuzi zinadzaza ndi nkhani yoti ku Mangochi atsikana oposa 7,000 anatenga mimba m'miyezi 6 yoyamba ya chakacho. Dziko linadzidzimuka, mliri n'kusenza mlandu. Ochepa anawerenga mzere wotsatira, woti m'miyezi yomweyo ya 2019, sukulu zili zotsegula, chiwerengerocho chinali kale choposa 6,000.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri m'zowerenga zanga chinachitikira m'boma lino la Zomba. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anakonza zoti atsikana ndi makolo awo azilandira kandalama pamwezi: ena pokhapokha mwana akamapita ku sukulu, ena popanda lamulo lililonse, ndipo ena sanalandire kanthu kuti pakhale poyerekezera. Ndalama yokhala ndi lamulo inasunga ana ambiri m'kalasi. Koma pa ukwati ndi mimba, imene inathandiza kwambiri ndi ija yopanda lamulo, chifukwa inkafikabe kwa mtsikana ngakhale atasiya sukulu, ndipo sanaone chomuthamangitsira ku banja. Palibe amene anathetsa chinamwali m'midzi imeneyo, palibe amene anasintha chipembedzo cha munthu. Ofufuzawo atabwererako patapita zaka zoposa 2 ndalama zitaleka, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zafufutika. Maukwati ndi mimba zimene zinadikira zinabwera ndithu.

Msuweni wanga, amene tinavinidwa limodzi, ali m'kaundula wa 2018 pa mzere wa mimba. Anali ndi zaka 16, Sitandade 5 kachiwiri. Mwana atabadwa, ahedi ndi amayi a bungwe la pa sukulu anabwera kunyumba kudzamuuza kuti lamulo likumulola kubwerera. Iye anawalandira mwaulemu, anawayalira mkeka, n'kuwafunsa kuti khandalo adzasiyira yani, poti amayi ake amakhala ku thandala. Anafunsanso ngati adzabwerera m'kalasi yomwe ija, ya tiana. Iwo anati inde. Amene anadzamukwatira ali ku Durban, amatumiza akakumbuka. Pa tchuthi chapitachi ndinamupeza akufutsa usipa, mwana wake wamkazi akumusonkhezera moto, wodziwa kale ntchito. Ndinafunsa ngati wamulembetsa Sitandade 1, poti zaka 6 anakwanitsa kale. Anati mlatho wa pa mtsinje uja unakokoloka ndipo sunakonzedwe. Ayambe wakhwima miyendo, mwina chaka chamawa.